Nthambo za masipika musazikwirire m'simenti

Akulu, mwafunsa zosema khoma kuti nthambo za masipika zisaoneke pabalaza, koma imani kaye. Pongowerenga funso lanu mtima wayambanso kundiwawa.

Kwathu ku Kalongwezi, mu Chipata, ndinaitana mnyamata wina amene anthu ankamutama kuti ndi katswiri wa zamalaiti. Ndinamupatsa ndalama yoti agule nthambo ya kopa weniweni ya 2.5mm, iye n'kukagula zotchipa zija, aluminiyamu wongopaka kopa pamwamba, yotsalayo n'kuponya m'thumba. Anasema khoma, nthambo n'kuigoneka momwemo yopanda paipi. Itaperewera kufika ku sipika ya kumanja, analumikiza m'kati mwa khoma momwemo, kungopota ndi kukulunga tepi, pamwamba simenti ndi penti. Kunja kuoneka bwino zedi, ine kuwombera m'manja.

Mvula itagwa khoma lija linayamba chinyontho. Tsiku la Khirisimasi apongozi abwera kuchokera ku Katete, nkhuku ili pamoto, ana avala zatsopano, ine ndati alendo amveko nyimbo. Sipika ya kumanja inayamba kuthetheka, kudukizadukiza, kenako phu! Fungo la pulasitiki wopsa nyumba yonse, kautsi kakutuluka kumbuyo kwa amplifier. Apongozi aakazi ananyamula mdzukulu n'kuthawira panja, chitenje chikukwekwereka, akukuwa kuti nyumba ikupsa. Aneba kubwera ndi ndowa za madzi, madzi pa zinthu zamalaiti! Amake mwana anangondiyang'ana osalankhula, paja ndalama ya amplifier imeneyo iwo ankafuna ipite ku feteleza. Nsima tinadya mwakachetechete ngati pamaliro. Wokonza mawailesi anati ma transistor a mbali imodzi apsa chifukwa waya wofiira ndi wakuda anagundana pa joini paja.

Mnyamatayo foni osayankha. Nditamupeza ku msika wa Kapata akuti vuto ndi malaiti obwera mwamphamvu, komanso amplifier yanga ndi yakale. Yakale! Nanga joini anakwirirayo inakalambanso? Mpaka lero akungoyenda ndi tesita m'thumba la shati, anthu akumupatsabe ntchito.

Inu gulani trunking yoyera ya PVC (kangalande ka pulasitiki kokhala ndi chivundikiro kobisamo nthambo) ku Down Shops, muiyendetse m'munsi mwa khoma motsata skirting (kamzere ka m'munsi mwa khoma), muipake penti wofanana ndi khomalo, mlendo sangaione. Pogula nthambo palani pang'ono ndi mpeni, ikaoneka yoyera m'kati isiyeni. Ngati balaza ndi laling'ono 1.5mm ikwana, koma mtunda ukatalika tengani 2.5mm. M'siling'i musayerekeze, makoswe amatafuna. Pansi pa kapeti pomwe anthu amaponda ayinso. Ndipo isayende limodzi ndi waya wa malaiti wa 230V, makamaka zingwe za RCA, zija zolowetsa nyimbo mu amplifier, ndi zimene zimakoka kulira kwa "mmmm" kuja. Zikakumana, zidutsane mopingasa.

Komabe kunena zoona, m'khoma ndi mmene mumakongola, trunking imagwira fumbi ndipo ana amaisenda. Ngati nyumba ndi yanu semani basi, koma muikemo conduit, paipi yodutsamo nthambo, ya 20mm kuti tsiku lina mudzathe kusolola, nthambo imodzi yosadula kuchokera ku amplifier mpaka ku sipika. Musachite nokha, pezani mmisiri, koma nthambo mukagule nokha ndipo muime pomwepo mpaka atamata. Ngati ndi ya lendi, a landilodi muwauze kaye musanakhudze khoma lawo.