Chiliza cha amayi chatigawanitsa

Azakhali,
Amayi athu anatisiya chaka chatha ali ndi zaka 84. Anali a Chigwirizano, nankungwi wa mudzi wonse, ndipo kupatula ife ana awo asanu, analeranso amasiye anayi. Tikufuna kumanga chiliza koma tayambana pa WhatsApp. Achimwene a ku Johannesburg akufuna mwala wodula ndi phwando lalikulu, ndipo akuti poti ndalama zambiri n'zawo, ana oleredwa aja asatchulidwe. Ndiyambire pati?
Wosweka mtima, Dedza

Achemwali, pepani ndi imfa ya mayi.

Nkhaniyi ichotseni pa WhatsApp. Kwanuko chiliza sachiyamba ana okha. Pitani kwa mwinimbumba, kaya ndi amalume anu kaya amene analowa m'malo mwawo, ndipo iwowo ndiwo akagwade kwa amfumu, chifukwa manda ndi a mfumu ndipo simulowamo ndi khasu popanda chilolezo. Adzukulu auzidwenso msanga, ndiwo amadziwa bwino pomwe mtumbira wa mayi unalekezera. Achimwene anu akhoza kutumiza ndalama zochuluka bwanji, koma mawu omaliza ndi a mwinimbumba, ndipo izi akazimve kuchokera kwa amalumewo, osati kwa inu mlongo wawo.

Za ana oleredwawo, achimwene akulakwitsa. Mayi anawadyetsa m'mbale imodzi ndi inu, ndiye inu ndinu ndani kuti muwasale lero? Komabe pamwalapo musalembe mndandanda wa ana, chifukwa mkangano umabadwira pomwepo. Lembani dzina lonse la mayi ndi mfunda wawo, tsiku lobadwa, tsiku lomwalira ndi vesi limodzi. Ngati tsiku lobadwa silidziwika, chaka chokha n'chokwanira. Yang'anani pa khadi la umembala wa mpingo kapena pa chiphaso cha unzika, ndipo wolemba pamwalayo mumupatse zolembedwa papepala, osati pafoni pakamwa. Chilembo chikalakwika pamwala sichifufutika.

Mayina onse asanu ndi anayi alowe mu mbiri ya malemu, ndipo apa ndi pomwe tikufuna muikepo mtima. Pamaliro mbiri imalembedwa mothamanga, anthu akulira, ndiye imangoti anabadwa, anakwatiwa, anadwala. Pano nthawi ilipo. Tengani kope, mukakhale pansi ndi amayi a Chigwirizano omwe ankayenda nawo kukazonda odwala, ndi amayi omwe iwo anawalangiza ali atsikana. Musawafunse kuti "anali munthu wotani?" chifukwa aliyense adzangoti anali wabwino. Funsani kuti anakuchitirani chiyani, chaka chiti, kuti. Wina adzakuuzani za ufa womwe anamupatsa m'njala ya 2002, wina za banja lomwe analiyanjanitsa litatsala pang'ono kutha. Yambani ndi okalamba kwambiri. Jambulani mawu awo pafoni akalola, kenako mulembe masamba awiri basi, kuti owerenga asatopetse anthu padzuwa. Mwana mmodzi mwa oleredwawo ndiye awerenge.

Tsopano ntchito yeniyeni. Musamange dothi lisanakhazikike. Mtumbira udutse dzinja limodzi lathunthu, apo ayi pansi pamatitimira ndipo chiliza chimang'aluka pakati. Mangani m'chilimwe, anthu atakolola. Mmisiri akumbe maziko kunja kwa dzenje la manda, pa dothi lolimba, ndipo aikemo waya. Konkire ikhale muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga wa kumtsinje, inayi ya miyala, ndipo muziithirira madzi masiku 7. Ambiri amalumpha kuthirirako chifukwa chitsime chili kutali ndi manda, kenaka n'kumada mmisiri. Musamulipire zonse asanamalize.

Ndalama asunge munthu mmodzi wosankhidwa pamaso pa amalume, ndipo chilichonse cholowa, kaya pa Mpamba, Airtel Money, kaya ndi nkhuku ndi nkhuni, chilembedwe. Wobweretsa thumba la chimanga wasonkha ngati wa ku Joni yemwe. Mwala wodulawo, ngati achimwene akuufunadi, augule okha, koma asasandutse ngongole ya onse.

Chakudya muwerengere kotala ya kilogalamu ya ufa pa munthu, kotero ufa wa makilogalamu 50 ukwanira anthu pafupifupi 200. Mayi ngati amenewa adzabweretsa anthu oposa omwe mwawaitana, choncho onjezerani thumba lina. Abusa auzeni kudakali mwezi kapena iwiri, makamaka ngati mukufuna Loweruka loyandikana ndi 15 Okutobala, tsiku la anakubala.