Achimwene a kabaza, chiwaya musachithawe, ingosinthani za m'mbale

Achimwene, mwati mumayendetsa njinga yamoto pakati pa Chitakale ndi Limbuli, nkhomaliro yanu ndi chipsi, soseji ndi Coca-Cola tsiku ndi tsiku, ndipo kuchipatala akuuzani kuti BP (kuthamanga kwa magazi) yakwera. Mukufunsa ngati musiyiretu kudya pachiwaya. Ine ndikuti ayi. Munthu wa pamsewu sangamabwerere kunyumba masana aliwonse kukadikira nsima, makasitomala n'kumapita ndi ena.

Yambani ndi mchere, chifukwa kwa inu vuto lalikulu lagona pamenepo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku. Imeneyo ndi sipuni yaing'ono ya tiyi imodzi basi, kuwerengera ndi wa mundiwo zamadzulo womwe. Tsono onani mmene anyamata a pachiwaya amawazira, inu n'kutapanso wina pambali. Auzeni asathire, muzitsina nokha pang'ono, kenako tsabola ndi ndimu zimalize ntchito. Masiku oyamba chimamveka chozizira mkamwa, koma lilime limazolowera. Soseji ili kale ndi mchere wambiri mkati mwake ngakhale musathire. Dzira lowiritsa lilowe m'malo mwake.

Muzisuzumiranso m'chiwayamo musanatulutse ndalama. Mafuta akada ngati tiyi wopanda mkaka, ndiye kuti akazingira kambirimbiri, pitani kwa wina. Chipsicho gulani chochepa, kabichi ndi tomato zichuluke, bola muone madzi amene akutsukira. Kolera ya 2022 ndi 2023 sitinaiiwale.

Botolo la Coca-Cola la 300 ml lili ndi shuga wokwana masipuni aang'ono pafupifupi 8. Kodi mungathire masipuni 8 m'kapu ya tiyi? Yendani ndi botolo la madzi panjingapo, chakumwa chotsekemera chikhale cha Lamlungu. Thobwa wogulitsa naye ena amamuthira shuga wosayamba, musamuyese mankhwala.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti tikukhala pa Mulanje. Anthu amaimitsa magalimoto kuchokera ku Blantyre kudzagula zinanazi zathu, mapeyala nyengo yake amachita kuwolera pansi, nthochi zili ponseponse, ife n'kumakhuta mandasi! Njala ya cha m'ma 10 koloko ipheni ndi nthochi ziwiri ndi mtedza wopanda mchere. Masiku ena mbatata yootcha, chinangwa chophika ndi peyala, kapena chimanga chootcha zimagwira m'mimba kuposa chipsi, ndipo ndalama yake ndi yochepa. Chipsi chitsale kawiri kapena katatu pasabata.

Ngati anakupatsani mankhwala a BP, musawasiye poti mwasintha kadyedwe. BP imatha kukwera mutu osapweteka n'komwe, choncho muzipita kukayezetsa pa tsiku limene anakulemberani m'buku la kuchipatala lija, ngakhale litagwera tsiku la msika wa pa Limbuli.