MDF ayi achimwene, inandiliza ine

Achimwene, mwafunsa za chopangira kesi, bokosi la kompyuta. Pa zitatu mwatchulazo, MDF (thabwa la ufa wa mitengo womata ndi guluu), perspex (pulasitiki yoonekera ngati galasi) ndi malata, MDF yo ichotseni kaye. Ndaona ena akuiyamikira kuti ndi yosalala, penti imagwira bwino, mtengo wake ndi wofikirika. Zoona zonsezo. Koma afunseni ngati kesi yawoyo inadutsako dzinja ili pansi pa simenti, m'nyumba imene amakolopa m'mawa ulionse. Ine motherboard yanga, board yaikulu imene zida zonse za kompyuta zimalumikizidwapo, inapita ndi MDF yomweyo, ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti MDF yo sindinagule ndine.

Ine ndinagula plywood ya 9 mm. Ndinasankha ndekha, kuyang'ana m'mbali kuti mizere yake ndi yothinana, yopanda mapanga. Ndinakaisiya kwa kalipentala wina wa kwathu konkuno, bambo wachikulire ndithu, amene anatipangirapo kabati ya kukhitchini ndipo inali bwino. Miyezo ndinamulembera papepala: board ndi microATX, 244 mm mbali zonse, khomo la power supply (kabokosi kogawa magetsi) 150 mm m'lifupi ndi 86 mm msinkhu, fani za 120 mm, mabowo ake a ma screw otalikirana 105 mm. Ndinamupatsanso chidutswa cha lata losalala choti board idzakhalepo, ndi kajumbo muli ma standoff achikasu aja. Ndinachita kumugwira mkono, ndinati bambo, tizitsulo iti musataye, ndi timene timanyamula board kuti isakhudze lata, mpata wake usachepere 6 mm. Iye amvekere, osadandaula bwana, izi n'zazing'ono, ife tapanga mabokosi a ma speaker a matchalitchi ambirimbiri.

Mawu amenewo a ma speaker ndi amene anandipha. Anthu a ma speaker amakonda MDF, ndipo kwa iwo thabwa ndi thabwa basi.

Kesi inabwera yokongola, sindinama. Yakuda bii, yonyezimira, m'mbali monse anamata ndi putty n'kupaka penti moti sungaone kuti mkati muli chiyani. Ma standoff aja? Akuti ana anaseweretsa. M'malo mwake analowetsa timabawuti kuchokera kumbuyo kwa lata, n'kumanga nati imodzi pa kalikonse, ati ndi chimodzimodzi. Nati ya M3 msinkhu wake sukwana ngakhale 3 mm. Board inakhala, sinali kukhudza, kompyuta inayaka, ndipo miyezi yotentha ija inagwira ntchito popanda vuto.

Kenako mvula inayamba. Chitseko cha m'mbali chinayamba kuvuta kutseka, kuchita kukankha ndi bondo. Mwana akagunda tebulo kompyuta inkazima n'kuyakanso yokha. Aliyense pakhomo ankati ndi magetsi, nanga si dzinja magetsi amachita zawozawo.

Tsiku lake linali Lachisanu, mu Januwale, mvula itagwa mosalekeza sabata imeneyo moti zovala pachingwe sizinkauma. Ndinali ndi kanema wa ukwati wa anthu, ndalama atapereka kale theka, ndipo mlongo wake wa mkwati amanyamuka m'mawa mwake kubwerera ku Johannesburg, amafuna apite naye. Ndinamaliza kudula usiku kwambiri, ndinayamba render, ndiye kuti kompyuta kuphatikiza zonse kukhala kanema mmodzi, ndinakhala pampando maso ali pa kamzere kaja kakuyenda pang'onopang'ono. Fani zonse zikulira mwamphamvu. Kamzere kadutsa theka, kakuyandikira kumapeto, ine n'kuyamba kuganiza zokagona. Ndinangomva thwaa! Kaphokoso kakang'ono, kochokera pansi pa tebulo. Sikirini bii. Fani zinazungulira pang'ono, zinaima, zinazunguliranso, zinaima. Kenako fungo. Amene munamvapo fungo la board yopsa mukulidziwa, lowawasa, lokakamira m'mphuno, silifanana ndi la waya wopsa wamba. Ndinadumpha n'kuzula pulagi kukhoma. Babu la m'chipinda likuyaka bwinobwino, firiji ikulira kukhitchini, ndiye kuti magetsi alibe mlandu.

Ndinagwada pansi ndi tochi ya foni, manja akunjenjemera moti screwdriver inkaterereka. Ma screw a board anali olimba modabwitsa, ngati china chake chikuwakoka. Nditamasula yomaliza board inachita kudumpha pang'ono, ndipo apa m'pamene ndinadziwa kuti inali itapindika nthawi yonseyi. Kuitembenuza, kuseri kwa pulagi yaikulu ija ya mapini 24 kuli chibanga chakuda, timiyendo ta soda titasungunuka. Pa lata palinso kachipsera koyang'anizana ndi malo omwewo. Lata lenilenilo litatukumuka pakati. Ndinalikanula, kumbuyo kwake ndinapeza thabwa litafufuma ngati buledi woviika mu tiyi, kulikanikiza ndi chala chikulowa, kulikanda likuyoyoka ufa wabulawuni. Plywood siyoyoka ufa. Ndinakanda penti pansi pa kesi, MDF. Kumbuyo, MDF. Plywood yanga inali pamwamba ndi kutsogolo kokha, malo oti munthu akagogoda amve kuti ndi thabwa lenileni. Madzi okolopera ankalowa pansi, chinyezi chikukwera, MDF ikufufuma, ikukankha lata, lata likusendera ku board, ndipo kampata ka nati imodzi kaja kanatha.

Ndinakhala pansi pomwepo kukamwa kuli kakasi. Mayi a kunyumba anadzuka ndi fungo lija, kundipeza ndanyamula board m'manja, sanafunse n'komwe. Mwamwayi hard drive yosunga mafayilo inapulumuka, koma RAM imodzi inapita limodzi ndi board. M'bandakucha ndinali pakhomo pa mnzanga kupempha laputopu, ndipo laputopu yakeyo inachedwa moti mlongo uja basi inamunyamula wopanda kanema. Mayi ake a mkwatibwi anandiimbira, mawu amene anandilankhula sindingalembe pano.

Tsono kupita kwa mkulu uja ndi board yopsayo, mukudziwa anati chiyani? Ati bwana, makompyuta anuwa amatentha okha. Nditamuonetsa ufa wa MDF m'manja, anati mwina ndi mphenzi. Ndikucheuka, pakona pa shedi yake pali kashelefu katsopano kodikira mwini wake, m'mbali mwake mizere yothinana ija, plywood ya 9 mm. Ndinamufunsa kuti iyi mwaitenga kuti, iye amvekere matabwa amafanana bwana. Ndipo mopanda manyazi anandikumbutsa kuti pa ntchito ija panatsala kandalama ka penti! Munthu wamkulu, imvi zili mbuu, kundiyenda pansi chonchi chifukwa cha theka la shiti. Mxii. Akanangondiuza kuti plywood yachepa ndikanaonjezera, kapena akanati ma standoff ndataya kagulenso, ndi tinthu totchipa timene aliyense wokonza makompyuta ali nato m'kabotolo. Chimene chimanditopetsa ndi amisiri ena n'chakuti safuna kunena kuti ichi sindikuchidziwa. Ukamufotokozera amagwedeza mutu, ukangotembenuka amapanga mmene anazolowera.

Ndiye musapereke ntchito imeneyi kwa kalipentala, pangani nokha. Kapena ngati mulibe zida, pitani naye koma khalani pomwepo akamadula, ndipo penti mukapake kwanu. Chilichonse chobwera chopaka kale musalandire.

Koma musamve ngati ndikudana ndi thabwa ayi. Kesi imene ndikugwiritsa ntchito pano ndi ya plywood yomweyo, 9 mm m'mbali ndi 12 mm pansi, ndipo yaona mvula kangapo osasintha. Za moto musaope. Processor ikafika cha m'ma 95 kapena 100 digiri imadzichepetsa yokha liwiro, mpweya wa m'kesi sufika n'komwe pamenepo, ndipo thabwa siliyaka pa kutentha kotero. Enanso amati chitsulo chimaziziritsa kompyuta, thabwa limasunga kutentha. Kusiyana kwake n'kochepa kwambiri, chimene chimachotsa kutentha ndi mpweya woyenda. Fani ziwiri kutsogolo zolowetsa, imodzi kumbuyo chakumtunda yotulutsa, basi. Ubwino wina wa thabwa ndi woti limameza phokoso la fani kuposa lata lopyapyala limene limanjenjemera. Ngati mukufuna kutsogolo kuoneke bwino ikani kathabwa ka mlombwa kapena mbawa, koma kakhale kouma ndithu. Paini wamuwisi amene amagulitsa m'mbali mwa msewu amapindika akamauma, adzakukokerani kesi yonse kumbali. Kunena chilungamo, ngakhale MDF yomwe ndikuitukwanayi, mukaimata vanishi kawiri katatu makamaka m'mbali modulidwamo, n'kuiika patebulo osati pansi, itha kukhala zaka. Kungoti screw yolowera m'mbali imaing'amba, ndi yolemera, ndipo fumbi lake podula ndi loipa pachifuwa. Ine ndekha sindingaiyandikirenso.

Chimene ndingakuuzeni ndi mtima wonse ndi ichi: pamene pakhale motherboard musapange nokha. Pitani kwa anyamata okonza makompyuta, ali ndi makesi akale akufa ataunjika pakona. Gulani imodzi, boolani ma rivet ake ndi dirilo, muchotse lata la board pamodzi ndi chakumbuyo chake. Mukatero mwapeza mabowo a ma standoff ali m'malo mwake, khomo lakumbuyo la ma port olowetsapo zingwe la 158.75 ndi 44.45 mm lodulidwa kale, ndi mipata ya makhadi yotalikirana 20.32 mm. Miyezo imeneyi ndi ya ATX, imene Intel inatulutsa mu 1995, ndiye kesi yakale ya ATX imalandira board ya lero. Mungosamala ndi makesi ena a makompyuta a mu ofesi a makampani akuluakulu, ena mwa iwo ali ndi miyezo yawoyawo, pitani ndi board yanu mukayese. Ndipo werengani ma standoff. Akhale pokhapo pamene board ili ndi bowo. Imodzi yotsalira pansi pa board pamalo opanda bowo imachita zomwe linandichita lata lija. Lata limenelo mulimange pa timatabwa kapena pa aluminiyamu wa ngodya, kumbuyo kwake kukhale mpata, lisagone pa thabwa.

Perspex ndi ya windo lokha, musamangire kesi yonse. Ilipo ya mitundu iwiri, cast ndi extruded. Imene imapezeka msanga kwa olemba zikwangwani nthawi zambiri ndi extruded, ndipo imeneyo poboola imasungunuka n'kumata pa dirilo, kapena imang'aluka pamene mwatsala pang'ono kutulukira kuseri. Tengani ya 3 mm kapena kuposa, boolani pang'onopang'ono mutaigoneka pa thabwa, pepala lake musamatule mpaka mutamaliza, bowo likhale lokulirapo kuposa screw ndipo musamange mothinitsa. Osaipukuta ndi spirit kapena thinner, imachita timing'alu tambirimbiri toyera. Imakokanso fumbi. Mukapeza pulasitiki ina yotchedwa polycarbonate ndi yolimba kuposa perspex ngakhale imakandika msanga. Galasi la tempered, lolimbitsidwa ndi moto, silidulika ndipo siliboleka, mukayesa limaphwanyika lonse, ndiye ngati mwatola la kesi ina, kesi yanu imangidwe motsatira galasilo.

Malata ofolera nyumba ayi. Ndi opyapyala, amanjenjemera, ndipo m'mbali mwake mudzasiyamo zala. Ngati mtima uli pa chitsulo, aluminiyamu wa 1.5 kapena 2 mm ndiye wabwino, kulemera kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo wamba, amadulika ndi hakiso, ndipo anthu opanga mawindo a aluminiyamu amakhala ndi zidutswa za ngodya zotsala. Lumikizani ndi ma rivet kapena mabawuti. Kuwotcherera lata la galvanised kumatulutsa utsi woyera wa zinki umene umadwalitsa, ndipo lata lopyapyala wowotcherera mageti amangoliboola. Mukamaliza kuboola chilichonse chachitsulo, sesani, pukutani, gwedezani kesi mozondotsa. Kaphulusa kamodzi kachitsulo pa board n'kokwanira.

Ngati mukuganiza za 3D printer, makina oumba zinthu ndi pulasitiki, tizidutswa tating'ono ngati zogwirira fani zili bwino, koma pulasitiki ya PLA imayamba kufewa cha m'ma 60 digiri, ndiye pafupi ndi graphics card ikhale pulasitiki ya PETG yopirira kutentha.

China chimene kesi ya thabwa imakulandani ndi earth, njira yotayira pansi magetsi osokera. Mu kesi yachitsulo zonse zimakhudzana ndi thupi la power supply, limene limalumikizana ndi mwendo wautali uja wa pulagi. Mu ya thabwa kokani kawaya kuchoka pa screw ya power supply kukafika pa lata la board. Ndipo yang'anani ekisitenshoni yanu, ambiri otchipawa mkati muli mawaya awiri okha, mwendo wachitatuwo ndi wongokongoletsa. Power supply yokha musaitsegule kapena kuichotsa m'chibokosi chake kuti ikwane, ma capacitor ake amasunga moto ngakhale mutazula pulagi.

Musanadule kalikonse yezani kutalika kwa graphics card ndi msinkhu wa cooler yoziziritsa processor, ma cooler oima aja ambiri amafika 155 mpaka 165 mm, ndipo siyani 2 cm kuseri kwa lata yodutsa mawaya. Pansi ikani miyendo ya labala yokweza kesi, ngakhale mukuti izikhala patebulo, chifukwa tsiku lina wina adzaitsitsa pofuna kupukuta. Pa fani zolowetsa mpweya tchingani ndi gozi waya wa pawindo womasuka mosavuta, fumbi la Seputembala ndi Okutobala limatseka msanga heatsink, tizitsulo tochotsa kutentha. Tiuzeni board yanu ndi ATX ya 305 ndi 244 mm, microATX kapena mini-ITX ya 170 mm, chifukwa ikakhala mini-ITX plywood ya 6 mm ikukwanirani ndipo shiti yonse simukufunika kugula.