Kodi nyumba ya zaluso zatsopano tingaitche "yosungiramo zinthu zakale"?

Makalata awiri amene ndikuyankha sabata ino akukhudza nyumba imodzi ya zaluso ya ku Cape Town ku South Africa, yotchedwa Zeitz MOCAA. Yoyamba yachokera kwa mnyamata amene amagwira ntchito mumzindawo.

"Aphunzitsi, Lachitatu lina ndinapita ku Zeitz MOCAA. Madzulo ake ndinauza mayi anga pafoni kuti ndinali kunyumba yosungiramo zinthu zakale. Iwo anandifunsa ngati ndinaonako mikondo ndi mibiya ya makolo. Koma zimene ndinaona n'zopangidwa ndi anthu a m'badwo wathu uno. Ndikanati chiyani?"

Achimwene, mayi anu anamva bwino lomwe zimene munanena. Vuto lili m'mawu amene tonse tinawazolowera kusukulu. Tikamati "nyumba yosungiramo zinthu zakale" timaganiza za ku Chichiri ku Blantyre, kumene ana asukulu amakaona injini ya sitima yakale, kapena za ku Karonga, kumene kuli mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu cha kalekale. Kumeneko mawuwa amakwana, chifukwa ntchito yaikulu ndi kusunga, ndipo zosungidwazo n'zakaledi. Nyumba imene munapitako inu inatsegulidwa pa 22 September 2017, ndipo inakhazikitsidwa kuti izionetsa ntchito za anthu aluso a mu Africa ndi a kwina kumene ana a Africa anafalikira, makamaka zopangidwa kuyambira chaka cha 2000 kubwera kuno. Kuitcha ya zinthu zakale n'kunamiza womvera, ngakhale wolankhulayo alibe cholinga chonama.

Ine ndikanati "nyumba yoonetseramo zaluso za masiku ano". Taonani kuti ndasintha mneni. Ndachotsa "kusungira" n'kuikapo "kuonetsera", chifukwa chimene chimakokera anthu kumeneko ndi kuona. Polemba musamale ndi "o" awiriwo. Mawuwa achokera ku "ya kuonetseramo", ndipo "ya" akakumana ndi "ku" amabala "yo", kenaka n'kutsatira "o" wa mneni weniweniyo. Ena amaika "w" pakati n'kulemba "yowonetseramo", ndipo zimenezo mudzazipeza m'mabuku ambiri. Chimene sindingavomereze ndi "yonetseramo", chifukwa pamenepo mwameza mphatikizo wathunthu. Ngati mawuwa akukutalikirani pafoni, nenani "myuziyamu ya zaluso". Liwu la myuziyamu linalowa kale m'kamwa mwathu, ndipo limayenda ndi agwirizanitsi a "nyumba": myuziyamu yatsopano, myuziyamu inatsegulidwa.

Mwina mukudabwa kuti bwanji sindinanene "zamakono". Liwu limeneli timaligwiritsa ntchito pa ulimi wamakono, foni yamakono, mbaula yamakono, ndipo limanyamula ganizo loti njira yatsopano yaposa yakale. Zaluso sizili choncho. Nandipha Mntambo, amene ntchito zake zinaonetsedwa m'nyumbayi itangotsegulidwa, amaumba matupi a akazi pogwiritsa ntchito chikopa cha ng'ombe. Chikopa si chamakono ayi, agogo athu ankachidziwa bwino. Chimene chili cha masiku ano ndi munthu wochigwirayo ndi zimene akufuna kutiuza. N'chifukwa chake "za masiku ano" likundikomera kwambiri.

Chikopa chomwecho chikutiphunzitsanso kuti "zojambulajambula" ndi liwu lopereweza pa nyumba yotere. Kujambula kwathu n'kotakata ndithu, timajambula ndi pensulo, ndi utoto, ndi kamera, mpaka nyimbo timajambula. Koma chinjoka chamapiko cha Nicholas Hlobo, chimene chinalendewera pakati pa nyumbayi pa nthawi yotsegulira, sichinajambulidwe. Chinasokedwa kuchokera ku machubu a matayala ndi maliboni. Chichewa chili ndi zosemasema, zoumbaumba, zolukaluka, zosokasoka, ndipo kubwereza tsinde kotereku kumasonyeza kuti zinthuzo n'zambiri ndiponso n'zosiyanasiyana. Liwu lozikuta zonse ndi "zaluso". Amene anafikako ku Kungoni, ku Mua m'boma la Dedza, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso mu 1976, akudziwa kuti wosema mtengo sangakondwe mutamutcha wojambula.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina amene amamasulira nkhani pawailesi ya m'dera lake.

"Ndamva kuti nyumbayi inali yosungiramo chimanga. Kodi ndingalakwe nditati ndi nkhokwe ya zaluso? Nanga zimene amakonza kumeneko ndinene kuti zionetsero? Ndikuopa kuti omvera aganiza za mademo."

Mayi, funso lanu landisangalatsa kwambiri, chifukwa pano mbiri ya nyumbayi ndi chiyankhulo chathu zakumana mokoma. Inalidi nkhokwe. Inamalizidwa mu 1924 padoko la Cape Town, kumene lero kumatchedwa V&A Waterfront, ndipo ndi kutalika kwake kwa mamita 57 inali nyumba yaitali koposa m'chigawo chino cha Africa pa nthawiyo. Chimanga ndi mbewu zina zinkafika pasitima yapamtunda, n'kusungidwa mmenemo kudikira sitima zapamadzi. Ntchitoyi inatha mu 2001. Amene munaona nkhokwe za boma za ku Kanengo ku Lilongwe mungathe kuiyerekeza mosavuta: migolo italiitali ya simenti, 42 yonse, yoimirira mothithikana popanda poti munthu n'kudutsa. Katswiri wa mapulani a nyumba wa ku Britain, Thomas Heatherwick, sanaigwetse. Anaiboola m'kati, ndipo mphako yaikulu imene inatsala pakati anaiumba motsanzira maonekedwe a njere imodzi ya chimanga yokulitsidwa. Mlendo akaima pansi n'kuyang'ana kumwamba amaona m'mphepete mwa migolo yodulidwayo mutapindika ngati m'kati mwa chisa cha njuchi. Dzina la Zeitz ndi la Jochen Zeitz, Mjeremani amene kale ankatsogolera kampani ya Puma, yemwe zaluso zimene anasonkhanitsa ndi zimene nyumbayi inayambira.

Tsono "nkhokwe ya zaluso" nenani ndithu, makamaka pamutu wa nkhani. Si kalembedwe kachilendo, timanena kale kuti agogo ndi nkhokwe ya nzeru. Chenjezo langa ndi limodzi. Kwathu nkhokwe sialowamo mlendo, amatapamo ndi mwini wake yekha, ndipo nkhokwe yabwino ndi yotsekeka. Nyumbayi imafuna zosiyana ndi zimenezo. Inaika mwambo woti Lachitatu m'mawa nzika za mayiko a mu Africa zizilowa ulere zikaonetsa chiphaso, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi mmene mnyamata wa kalata yoyamba uja analowera. Choncho mukatchula nkhokwe, chiganizo chotsatira chiuze omvera kuti ndi yolowamo aliyense.

Za zionetsero, mantha anu ndi oona. Masiku ano munthu akamva kuti "kuli zionetsero" amaganiza za misewu yotsekedwa ndi utsi wokhetsa misozi. Koma tisalitaye liwuli chifukwa cha zimenezo, ndi lomwe lija la chionetsero cha zaulimi. Musalisiye lokha, nthawi zonse muzinena "chionetsero cha zaluso", ndipo pamene zingatheke gwiritsani ntchito mneni. Mwachitsanzo: mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseketsa nyumbayi kwa miyezi, inapempha anthu wamba a ku Cape Town, ana ndi akulu omwe, kuti abweretse zaluso za m'nyumba zawo, ndipo inaonetsa zinthu pafupifupi 2,000. Palibe womvera amene angaganize za mademo pamenepo.

Amene anali mtsogoleri wa nyumbayi pa nthawiyo ndi Koyo Kouoh, mayi wobadwira ku Cameroon, amene anatenga udindowu mu 2019 ndipo anamwalira mu May 2025. Pomutchula pawailesi musati "wosamalira nyumba", omvera angamuyese mlonda kapena wosesa. Nenani kuti anali mkulu wa myuziyamu komanso wosankha ndi kukonza zoonetsedwa.