Funsani Tikuyankheni: Kodi munthu wa kuno angakaone chiyani pa chilumba chopanda anthu?

FUNSO: Akonzi, ine ndine bambo wa zaka 63, ndinabadwira ku Namwera ndipo ndagwira ntchito ya uphunzitsi m'boma lino la Mangochi mpaka pamene ndinapuma. Chibadwire sindinapondepo pa chilumba chilichonse cha m'nyanja yathu, ngakhale kuti mayina a zilumbazi ndinkawaphunzitsa m'kalasi chaka ndi chaka. Mwana wanga wamkazi walonjeza kuti andilipirira ulendo, koma anzanga akuti kumeneko n'kwa azungu, ndipo pa chilumba chopanda anthu ndikangoona miyala ndi madzi. Kodi ndipite chilumba chiti, nyengo iti, nanga mbiri yake ndikaimva kwa yani popeza palibe mudzi kapena mfumu yoti indifotokozere? — Mphunzitsi wopuma, Namwera

YANKHO: Aphunzitsi, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu, ndipo mwana wanuyo mumuthokoze pomuuza tsiku lonyamuka. Ife tikukulangizani kuti muyambire pa chilumba cha Thumbi, chomwe chili moyang'anizana ndi mudzi wa Chembe ku Cape Maclear. Polankhula ndi eni maboti mutchule kuti Thumbi West, chifukwa palinso Thumbi wina kufupi ndi doko la Monkey Bay. Chilumbachi chili pafupi ndi gombe, kotero kuti boti la injini limafikako m'mphindi zochepa, ndipo munthu amene sanazolowere nyanja sakhala nthawi yaitali pamadzi. Domwe ndi chachikulu ndipo n'chotsetsereka kwambiri, Mumbo chili kutali, makilomita pafupifupi 10 kuchokera ku gombe, pamene Boadzulu, chomwe chimaoneka kuchokera ku magombe a ku Nkopola, chimatchuka ndi mbalame zodya nsomba zimene zimaswanirana pamenepo mpaka miyala kuyera ndi zitosi. Zonsezi n'zabwino, koma ulendo woyamba umafuna chilumba chapafupi.

Zilumbazi zili m'paki ya Lake Malawi National Park, yomwe boma linakhazikitsa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Pachipata pamalipidwa ndalama, koma mtengo wa Mmalawi ndi wotsika poyerekeza ndi wa mlendo wochokera kunja, choncho musaiwale chitupa chanu cha unzika. Izi zokha zikusonyeza kuti amene anakonza malamulo a pakiyi ankayembekezera kuti ife eni dziko tizipitako, ndipo zimatimvetsa chisoni kuti anthu ambiri obadwira m'mbali mwa nyanja amakalamba akuona zilumbazi ngati malo a eni ake.

Pa nkhani ya mbiri, funso lanu lafika penipeni. Pa Thumbi simukapeza chikwangwani kapena nyumba yakale. Mbiri yake imawerengedwa munthu ataima pa chilumbapo n'kuyang'ana kumtunda, ndipo n'chifukwa chake tikukupemphani kuti musanakwere boti muyambe mwayenda pansi ku Cape Maclear. Dzina limeneli linaperekedwa ndi David Livingstone mu 1861 pokumbukira bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi amene ankagwira ntchito ku Cape Town, ngakhale kuti anthu ankakhala ndi kusodza m'derali kalekale iye asanafike. Mu Okutobala 1875 kunafika sitima yaing'ono yotchedwa Ilala, itanyamula amishoni a ku Scotland motsogozedwa ndi E.D. Young, ndipo pakati pawo panali dokotala wachinyamata Robert Laws. Sitimayo anaiphwasula kumunsi kwa mathithi a mtsinje wa Shire, anthu mazanamazana akuno n'kuisenza pamutu zidutswazidutswa mpaka kumtunda kwa mathithiwo kumene anailumikizanso. Inadutsa pa mudzi wa Mfumu Mponda, imene inawalola kukhazikika, pa nthawi imene malonda a akapolo anali pachimake kumwera kwa nyanja.

Amishoniwo anasankha malo amenewa chifukwa zilumba za Thumbi ndi Domwe zimatchinga mafunde, ndipo sitima inkakocheza bwino. Mukadzaima pa miyala ya Thumbi mudzaona nokha zimene iwo anaona: madzi abata pakati pa chilumba ndi gombe, mchenga wautali, ndi mapiri ozungulira kumbuyo. Mpata wopapatiza umene uli pakati pa Domwe ndi mtunda mpaka lero umatchedwa Ilala Gap. Koma malo okongolawo anali ndi malungo, ndipo pa nthawiyo palibe amene ankadziwa kuti matendawa amafalitsidwa ndi udzudzu. Manda a amishoni amene anamwalirira kumeneko alipo mpaka lero m'mphepete mwa phiri. Mwa ogona pamenepo muli Dr William Black amene anamwalira mu 1877, ndipo m'chaka chomwecho munamwaliranso Shadrach Mngunana, mlaliki wachikuda wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, amene anabwera pamodzi ndi William Koyi. Mu 1881 amishoniwo anabatiza munthu woyamba, Albert Namalambe, ndipo chaka chomwecho mishoni inasamukira ku Bandawe, kenaka mu 1894 ku Khondowe, kumene kuli Livingstonia ya lero. Inu amene mwaphunzitsa ana za Livingstonia ya ku Rumphi mudzakhala mukuyang'ana pamene dzinalo linayambira, m'boma lanu lomwe, popeza mishoni ya ku Cape Maclear ndiyo inayamba kutchedwa Livingstonia. Mukakhala ndi nthawi mufunsenso za Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu lokhala ndi mizere yonga mphini za pankhope, lomwe silili kutali ndi msewu wolowera m'mudzimo.

Anzanu aja sananame ponena za miyala ndi madzi, koma sanayang'ane m'madzimo. Miyala ya pa Thumbi ndi ikuluikulu yosanjikizana, ndipo pakati pake pamamera milambe ndi mikuyu imene mizu yake imakumbatira thanthwe posaka dothi. Pamwamba pamakhala nkhwazi, ndipo kulira kwake kumamveka kutali chifukwa palibe phokoso la chigayo, wailesi kapena njinga yamoto. Pa miyala pamaothera dzuwa ng'anzi, ndipo amene ali ndi mwayi amaona katumbu akusambira. Chuma chenicheni chili pansi pa madzi, kumene kuli mbuna, tinsomba tamitundu yowala timene timadya ndere za pamiyala. Zazikazi zimasunga mazira ndi ana m'kamwa mpaka atakula pang'ono, monga mmene chimachitira chambo. Mbuna sizikonda kuwoloka malo a mchenga kapena akuya, choncho za pa chilumba china zimakhala zokhazokha kwa mibadwo yambirimbiri mpaka zimasiyana mtundu ndi za pa chilumba china. N'chifukwa chake nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba mazanamazana imene sipezeka kwina kulikonse, ndipo nsomba zimenezi ndi zomwe zinachititsa kuti pakiyi ikhazikitsidwe. Simufunika kudziwa kusambira kuti muzione, popeza madzi ake ndi oyera moti zimaoneka muli m'boti, koma mukabwereka galasi loonera m'madzi n'kuviika nkhope pamalo osaya, mudzaona zimene buku la sukulu silingafotokoze. Otsogolera alendo amakonda kuziponyera buledi kuti zisonkhane. Ife sitikondwera nacho chizolowezi chimenechi, chifukwa chakudya chawo n'cha pamiyala, ndipo munthu woleza mtima amaziona bwino popanda nyambo.

Za nyengo, pewani miyezi ya Juni ndi Julayi pamene mphepo ya mwera imawomba mwamphamvu, ndipo m'nyengo ya mvula nyanja imasintha mwadzidzidzi. Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala imakhala ya madzi oyera, ngakhale kuti kumatentha. Nyamukani m'mawa. Kuchokera pa boma la Mangochi mukwere galimoto za ku Monkey Bay, ndipo musanafike pa dokolo pali msewu wokhotera ku Cape Maclear wa makilomita osakwana 20. Mugwirizane mtengo ndi nthawi yobwerera musanakwere, muumirire kuti akupatseni jekete loyandamitsa, ndipo boti likadzaza mopitirira muyeso mukane kukwera ngakhale ena akunyozeni. Aliyense wa m'boma lino amene anaima pa chikumbutso cha sitima ya Vipya, imene inamira mu 1946 ndi anthu 145, amadziwa kuti nyanja iyi siifuna chibwana. Woyendetsa boti akanena kuti lero mphepo siili bwino, mumumvere. Tengani madzi akumwa, chipewa, ndi nsapato zogwira pansi, chifukwa pa chilumbapo palibe golosale ndipo miyala yonyowa imaterera.

FUNSO: Akonzi, mchimwene wanga anabwera ndi timiyala ndi zigoba za nkhono kuchokera ku chilumba china, ndipo patapita milungu anayamba kukodza magazi. Agogo akuti analakwira mizimu ya pamalopo potenga zinthuzo. Kodi n'zoona? — Mtsikana wa ku Malindi

YANKHO: Chemwali, agogo anu ali ndi mfundo pa mbali imodzi, chifukwa m'paki simuloledwa kutenga miyala, zigoba, mitengo kapena nsomba, ndipo kusodza n'koletsedwa m'madzi a mamita 100 kuchokera pa gombe la pakiyo ndi la zilumba zake. Koma kukodza magazi munthu atasamba m'nyanja nthawi zambiri kumakhala chizindikiro cha likodzo. Tizilombo toyambitsa matendawa timakulira mu nkhono za m'madzi, kenaka timatuluka n'kulowa pakhungu la munthu amene akusamba kapena kuchapa, makamaka pamalo osaya oyandikana ndi midzi. Zizindikiro zimaoneka patapita milungu ingapo, ndiye n'chifukwa chake anthu amazilumikiza ndi zinthu zina. Mchimwene wanuyo apite kuchipatala msanga kuti akamuyeze mkodzo. Mankhwala ake ndi mapiritsi a praziquantel amene amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa munthu, choncho asagule mwachisawawa pa msika. Likodzo likakhalitsa osachizidwa limawononga chikhodzodzo ndi impso, ndipo onse amene anasamba naye limodzi pa ulendowo ayenera kukayezetsanso ngakhale asakumva kupweteka kulikonse.