Za nkhafi zopenta zija

Achimwene mwafunsa kuti nkhafi zolembedwa mayina zopachika pakhoma zija ndi za chani eti. Ndi mwambo wa mpikisano wopalasa mabwato wa ku mayunivesite a Oxford ndi Cambridge ku England, mitsinje yake ndi yopapatiza ndiye mabwato amanyamuka mondondozana, aliyense kulimbana kuti agunde lakutsogolo. Mpikisano umatenga masiku 4, mukagunda tsiku lililonse basi mwawina nkhafi.

Wopenta amayamba ndi mtundu wa koleji yanu, kenako ndi kabulashi kakang'ono amalemba chaka, mayina a opalasa, kulemera kwawo ndi mabwato omwe munagunda, zilembo zagolide, dzanja likangonjenjemera zawonongeka. Chondiseketsa ine, nthawi zambiri umalipira wekha! Ogundidwa masiku onse amati apeza masupuni.