Ndapuma pantchito, kodi ndingakadzipereke kunja?

FUNSO: Akonzi, ine ndi bambo wa zaka 63, ndinapuma pantchito chaka chatha nditakonza mijigo ndi mapaipi a madzi kwa zaka 34. Mphamvu zikadalipo ndithu, kungokhala kwandikwana, moti mayi akunyumba ayamba kudandaula kuti chilichonse chili ndi nati m'nyumba muno ndamasula kale. Mwana wanga wandionetsa pa intaneti zokathandiza chitukuko kumayiko ena modzipereka, koma ena akuti ndilipire kaye ndalama zambiri kuti ndikakhaleko milungu iwiri. Kodi zimayenda choncho? Nanga pa msinkhu wangawu angandilandire? BP ndili nayo koma mankhwala ndimamwa. Ndine Wopuma Wosatopa.

YANKHO: Bambo, za msinkhu musade nazo nkhawa. Mayi Lillian Carter, amayi ake a Jimmy Carter amene anadzakhala pulezidenti wa America, analowa Peace Corps, bungwe la boma la America lotumiza anthu odzipereka kumayiko ena, mu 1966 ali ndi zaka 68 n'kukagwira ntchito ya unesi ku India. Inu ndiye mukadali mnyamata. Ndipo alipo mabungwe amene anakhazikitsidwira anthu opuma pantchito basi, monga PUM ya ku Netherlands yomwe inayamba mu 1978 ndi Senior Experten Service ya ku Germany ya mu 1983, JICA ya ku Japan nayo imatumiza anthu mpaka a zaka 69. Vuto lake, ambiri mwa amenewa amatenga anthu a kwawo komweko, Peace Corps nayo imafuna nzika za America zokha, ndiye musataye nthawi kudzaza mafomu musanaone ngati pasipoti yanu ikuloledwa.

Khomo lotseguka kwa anthu a mayiko onse ndi UN Volunteers, nthambi ya United Nations yotumiza anthu odzipereka, imene inakhazikitsidwa mu 1970 ndipo likulu lake lili ku Bonn. Kulembetsa kwake n'kwaulere, pa intaneti, ndipo akakutengani amalipira ulendo, inshulansi ndi kandalama ka mwezi ndi mwezi kodyera ndi kulipira nyumba. Si salale, musayambe kuwerengera zogula galimoto. Bungwe lina lotumiza anthu odzipereka ndi VSO, yomwe inayamba ku Britain mu 1958, ndipo yakhalanso ikutumiza akatswiri ochokera kumayiko monga Kenya ndi Philippines. Mpikisano ulipo ndipo kuyankha amachedwa, ndiye CV ilembedwe bwino, mutchule mitundu ya mapampu imene mwaigwira ndi anthu amene munawaphunzitsa.

Tsopano awo a milungu iwiriwo. Si onse akuba ayi, ena ndi makampani a zokopa alendo amene amagulitsa ulendo n'kuikapo kantchito pang'ono kuti mtima wa mlendo ukhale m'malo, mumapenta kalasi, mumajambulitsa ndi ana, mwabwerako. Koma ine ndimati munthu wa luso ngati lanu akamauzidwa kuti alipire kuti agwire ntchito, ayambe wafunsa: ndalamayo ikupita kwa ndani, ndipo anandiitana ndani? Ngati sakutha kukuuzani dzina la komiti ya madzi, khonsolo kapena sukulu ya ntchito zamanja imene yapempha munthu, ndiye kuti palibe anapempha. Akati tumizani ndalama ya viza ku nambala ya munthu, thawani osacheuka.

Nkhani yeniyeni ndi yakuti mukakafika mukatani. Inu mukudziwa bwino kuposa ine mmene mjigo umafera. Alendo akumba, aika pampu, zithunzi zajambulidwa, apita. Pakatha chaka karabala ka mkati katha, kanthu kotchipa, koma palibe ali ndi sipanala, palibe akudziwa kogula sipeya, ndalama za komiti zinathera pa zina, ndiye amayi abwerera kumtsinje kuja ndi ndowa zawo, chogwirira cha pampu chikungolendewera ana akuseweretsa. Chitukuko chokhalitsa chimene mabungwewa amanena ndi chimenechi basi, kuti chinthu chizigwirabe ntchito mlendo atachoka. Ndiye olo manja akuyabweni bwanji, sipanala muipereke kwa mnyamata kapena mtsikana wa komweko, inu muime pambali manja kumbuyo, alakwitse, ndodo igwere m'chitsime, muivuule limodzi. Zimapweteka mtima, ntchito ya ola limodzi imatha tsiku lonse, koma imeneyo ndiye munapitira. Ndipo mudzakapeza amisiri akomweko odziwa dothi lawo ndi madzi awo kuposa inu, mwezi woyamba muzingofunsa ndi kumvetsera, mlendo ndi mame paja. Musakalandenso ntchito imene m'misiri wa komweko akanalipidwa nayo.

N'chifukwa chake milungu iwiri sindiikhulupirira kwenikweni, pokhapokha ntchito yake ikhale imodzi yodziwikiratu, monga kuphunzitsa amisiri khumi kukonza mtundu umodzi wa pampu. Zosintha kayendetsedwe ka komiti zimafuna miyezi, mwinanso chaka.

Za BP musabise, mabungwe enieni amayeza thupi musananyamuke ndipo mukanama inshulansi ikhoza kukana kulipira mutadwala. Funsani ngati imakhudza matenda amene muli nawo kale komanso ngati ingakunyamuleni pa ndege zitavuta, ndipo mudziwe kuti chipatala chili kutali bwanji ndi kumene mukagone. Mankhwala tengani okwanira, m'mapaketi ake, pamodzi ndi kalata ya dokotala. Mayiko ena amafuna satifiketi ya katemera wa yellow fever, amene kuyambira 2016 amawerengedwa wa moyo wonse, koma kwa munthu wopitirira zaka 60 amene sanabayitsepo katemerayu amatha kuvuta, ndiye akuoneni kaye dokotala. Viza ikhale yololeza ntchito yodzipereka, osati yokaona malo. Penshoni yanunso muione, ena amafuna muzisaina kuti muli moyo, mungakapeze itaimitsidwa.

Chomaliza, m'kalata yanu mayi akunyumba mwangowatchula pa nkhani ya manati. Mwawafunsa? Mabungwe ena salola kupita ndi banja, ndiye funso limeneli liyambe lisanafike la pasipoti.